Kodi msonkho wa Trump pa katundu wolowa ku America amaulipira ndani kwenikweni?

Nambewe_LL

Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani iyi, chifukwa pa wailesi aliyense akungoyankhula zake. Chiyambire April 2025 takhala tikumva kuti Donald Trump waika msonkho pa katundu wochokera pafupifupi m'dziko lililonse, ndipo Malawi anayamba wapatsidwa 17 peresenti, kenako 15. Mwini wakeyo amati ndalamazo akulipira ndi mayiko akunja, makamaka China, ndipo America ikulemera nazo. Omutsutsa akuti akulipira ndi anthu a ku America omwewo akamagula zinthu m'sitolo. Onsewa sangakhale akunena zoona.

Ndiye katundu akafika padoko, amene amapisa m'thumba ndani? Kodi boma la Malawi limalandira bilu? Nanga 15 peresentiyo imamufika bwanji mlimi wa fodya ku Kasungu kapena wothyola tiyi ku Thyolo? Komanso ngati misonkho yotereyi ndi yoipa monga akunenera, bwanji ifenso tili nayo pa Mwanza, pa Songwe ndi pa Mchinji, mpaka nduna kufika poletseratu katundu wina kulowa? Ndikufuna yankho la manambala, za chipani ayi.

Woombola_Katundu

Mayi Nambewe, funso loyambalo ndi losavuta. Boma la Malawi sililandira bilu iliyonse, boma la China nalonso ayi. Amalipira ndi amene dzina lake lalembedwa pa mapepala olowetsera katunduyo m'dziko, ndipo kawirikawiri imakhala kampani ya ku America komweko. Ndalamazo amatolera ndi a Customs and Border Protection, omwe ntchito yawo pa nkhani imeneyi ndi yofanana ndi ya MRA kwathu kuno.

Zimayenda chonchi. Katundu aliyense ali ndi nambala yake, HS code. Manambala 6 oyambirira ndi amodzimodzi padziko lonse, koma America imawonjezera mpaka akwane 10. Nambala imeneyi ndi imene imanena msonkho wa masiku onse. Kenako amayang'ana dziko limene katunduyo anapangidwira, osati doko limene sitima inanyamukira. Makadamiya wa ku Thyolo wodzera pa Beira kapena pa Durban amakhalabe wa ku Malawi. Msonkho watsopanowu amausanjika pamwamba pa wakale uja. Wolowetsa katundu amakhala atasungitsa kale chikole, ndipo amayenera kupereka mapepala ndi ndalama pasanathe masiku 10 ogwira ntchito katundu atatulutsidwa.

Pali kusiyana kumodzi kumene anthu ambiri sakudziwa. America imawerengera msonkho pa mtengo wa katundu wokha, osaphatikiza ndalama ya sitima ndi inshuwalansi. Tiyerekeze kontena ya madola 100,000, yonyamulira ndi inshuwalansi 6,000. Msonkho wa 15 peresenti ukhala 15,000, chifukwa 6,000 ija saikhudza. Kwathu kuno timawerengera pa CIF, kutanthauza mtengo wa katundu, zonyamulira ndi inshuwalansi zonse pamodzi. Mwagula katundu wa madola 10,000 ndipo kumufikitsa pachipata kwadya 2,000, ndiye kuti MRA iyambira pa 12,000. Ngati dyute yake ndi 25 peresenti, imeneyo ndi 3,000. Kenako VAT imawerengedwa pa 15,000, osati pa 10,000 yanu ija. Pa 16.5 peresenti, mlingo womwe tinali nawo kwa zaka zambiri mpaka 2025, zikukwana 2,475. Zonse pamodzi 5,475, kuposa theka la ndalama imene munagulira katunduyo, ndipo apa sitinaikepo excise. N'chifukwa chake munthu amene anangowerengera 25 peresenti ali ku Guangzhou amadzasowa mtengo wogwira akafika pa Mwanza, katundu n'kuyamba kudya ndalama ya malo osungira tsiku ndi tsiku.

Tibwerere ku America. Pali njira imodzi imene wogulitsa wakunja amalipiradi msonkhowo mwachindunji: akasaina mgwirizano wa DDP, umene umati wogulitsa afikitse katundu pakhomo pa wogula misonkho yonse italipiridwa. Amene anasaina DDP mu January 2025 pa mtengo wokhazikika anapsa nazo, poti msonkho unabwera mtengo atamangirira kale. Pa FOB, udindo wa wogulitsa umathera pokweza katundu m'sitima. Choncho amene mumatumiza katundu kumeneko, yang'anani zilembo zitatu zimenezi musanayang'ane china chilichonse.

Ena amaganiza zolembetsa mtengo wotsika pa invoisi, kapena kudzeretsa katundu m'dziko la msonkho wochepa n'kusintha chizindikiro. Lamulo la pa 31 July 2025 linaika chilango cha 40 peresenti pa katundu wogwidwa atazembetsedwa mwa njira imeneyi, kuphatikizapo zindapusa zina. Chinanso chokhudza anthu wamba: kale phukusi la mtengo wosapitirira madola 800 linkalowa ku America ulere. Mwayi umenewu unatha pa 2 May 2025 kwa katundu wa ku China, ndipo pa 29 August 2025 kwa mayiko onse. Amene mumagulitsa ziboliboli, zitenje kapena khofi pa intaneti kwa makasitomala a ku America, ikani msonkho pa mtengo wanu kuyambira pa phukusi loyamba. Mphatso yeniyeni ya munthu kwa munthu yosapitirira madola 100 ndi imene inatsala yosalipira.

Chisale_Zachuma

Achimwene afotokoza bwino za amene amapereka ndalama pa kauntala. Koma wopereka pa kauntala si nthawi zonse amene mtolo umamutsalira. Kampani yolowetsa katunduyo ili ndi njira zitatu: kukweza mtengo kwa ogula, kudya phindu lochepa, kapena kukakamiza wogulitsa wakunja kuti atsitse mtengo. Mtolo umagwera amene alibe kothawira. Ngati wogula wa ku America angapeze katundu yemweyo kwina mosavuta, wogulitsa ndi amene amatsitsa. Ngati wogulitsa ali ndi misika ina ndipo America ilibe kwina kogula, wogula ndi amene amalira.

Kuti muone kukula kwake: kuti wogula asamve chilichonse pa msonkho wa 15 peresenti, wogulitsa katundu wa madola 100 ayenera kutsitsa mpaka pafupifupi 87. Ndi malonda ochepa amene phindu lake limafika 13 peresenti moti mwini wake n'kuitaya osatseka.

Ubwino wake, sitikungoyerekeza, chifukwa Trump anaziyesapo kale mu 2018 ndipo akatswiri anawerengera. Kafukufuku wa Mary Amiti, Stephen Redding ndi David Weinstein wa mu 2019 anapeza kuti pafupifupi msonkho wonse wa chaka chimenecho unathera pa mitengo imene makampani ndi anthu a ku America ankalipira. Ogulitsa akunja sanatsitse mitengo yawo kwenikweni.

Chitsanzo chimene chimaonetsa zonse ndi cha makina ochapira zovala. Kumayambiriro kwa 2018 anaika 20 peresenti pa makina 1.2 miliyoni oyamba kulowa pachaka, ndi 50 peresenti pa opitirira apo. Aaron Flaaen, Ali Hortaçsu ndi Felix Tintelnot anapeza kuti mitengo inakwera ndi pafupifupi 12 peresenti. Tamvani izi: makina oumitsira zovala, amene analibe msonkho uliwonse, anakweranso chimodzimodzi, chifukwa anthu amagula awiriwa limodzi ndipo ogulitsa anangogawa msonkhowo pa onse awiri. Makampani a ku America komweko, amene sankalipira msonkho, nawonso anakweza mitengo poona kuti opikisana nawo adula. Ntchito zinabweradi, pafupifupi 1,800, ndipo Samsung ndi LG anatsegula mafakitale ku South Carolina ndi ku Tennessee. Koma ogula analipira pafupifupi madola 1.5 biliyoni owonjezera pachaka, kutanthauza madola oposa 800,000 pa ntchito imodzi. Wogwira ntchito m'fakitale yotero salandira ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama imeneyo.

Pa zitsulo vuto lake ndi lina. Mu March 2018 anaika 25 peresenti pa chitsulo ndi 10 peresenti pa aluminiyamu, ndipo mu June 2025 anakweza zonse ziwiri kufika pa 50. Osungunula zitsulo amakondwa. Koma ogwira ntchito m'makampani ogwiritsa ntchito zitsulo, opanga galimoto, mathirakitala, zitini ndi misomali, ndi ochuluka kutalitali kuposa osungunulawo, ndipo kwa iwo chitsulo chodula ndi chipangizo chodula. Kafukufuku wa akatswiri a Federal Reserve, banki yaikulu ya America, wa mu 2019 anapeza kuti mukaphatikiza kudula kwa zipangizo ndi kubwezera kwa mayiko ena, ntchito za m'mafakitale zinachepa m'malo mochuluka.

Kubwezerako ndiye kumapweteka alimi. China itaika 25 peresenti pa soya wa ku America mu July 2018, malonda a soya opita ku China anatsika kuchoka pa madola pafupifupi 12 biliyoni mu 2017 kufika pa 3 biliyoni mu 2018, ndipo Brazil inatenga msikawo. Boma la America linachita kupereka madola oposa 20 biliyoni opukutira misozi alimi ake. Mu 2025 zinabwerezanso: misonkho inafika 145 peresenti mbali ya America ndi 125 mbali ya China, asanagwirizane ku Geneva mu May kutsitsa mpaka 30 ndi 10, koma China inakhalabe miyezi ingapo osagula soya wa ku America mpaka Trump ndi Xi Jinping atakumana ku Busan pa 30 October.

Kuti ndalama zikulowa m'thumba la boma, zimenezo n'zoona. M'chaka cha boma chimene chinatha mu September 2025 anatolera pafupifupi madola 195 biliyoni, pomwe chaka chapitacho anali 77 biliyoni. Koma boma limenelo limagwiritsa ntchito pafupifupi 7,000 biliyoni pachaka, ndipo msonkho wodula pa zimene anthu amapeza umabweretsa zoposa 2,000 biliyoni. Ndiye mawu akuti msonkho wa padoko udzalowa m'malo mwa msonkho wa pa malipiro ndi a pamsonkhano chabe. Ndipo zolinga ziwirizi zimalimbana zokha: ngati msonkho ukwanitsadi kubweza mafakitale kumudzi, katundu wolowa achepa, ndalama yotolera ichepanso.

Nambewe_LL

Zikomo, zayamba kumveka. Koma ngati mtolo umagwera amene alibe kothawira, ife Amalawi si ndiye tilibe kothawira? America sikusowa fodya wathu. Ndipo 17 peresenti ija anaipeza bwanji, popeza sindikukhulupirira kuti MRA imalipiritsa katundu wa ku America 34 peresenti monga zinalembedwa pa chikwangwani chimene Trump anaonetsa polengeza misonkhoyi?

Wa_ku_Kanengo

Mwakayikira pamalo oyenera, mayi. Nambala ya 34 sinachokere m'buku la misonkho la MRA. Anatenga kusiyana kwa zimene America imagula kwa ife ndi zimene imatigulitsa, n'kugawa ndi zimene imagula kwa ife, kenako n'kutenga theka lake. Dziko limene silinafike pa 10 analipatsabe 10. Ndi masamu amenewa amene anapweteka Lesotho: mu 2024 inagulitsa ku America katundu wa madola pafupifupi 237 miliyoni, makamaka majinzi ndi dayamondi, koma inagulako wosakwana 3 miliyoni, ndiye inatuluka 99, theka lake 50. Mlandu wa Lesotho unali umphawi, kusakwanitsa kugula ndege za Boeing. Pa 9 April anayamba aimitsa manambala amenewa n'kusiya 10 peresenti kwa onse, kenako pa 7 August 2025 Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Lesotho onse anaikidwa pa 15, South Africa pa 30.

Tsopano pa katundu wathu, musayang'ane 15 payekha. Yang'anani kuti wopikisana nafe wapatsidwa zingati, chifukwa wogula amayerekeza mitengo katundu atafika pakhomo pake.

Fodya ndiye wamkulu. America imalola fodya wakunja mwa mlingo: Malawi ali ndi gawo la matani 12,000 pachaka, Zimbabwe 12,000, Brazil oposa 80,000, ndipo wopitirira mlingo amalipira 350 peresenti, kumene kuli kutseka chitseko. Mu August 2025 Brazil inapatsidwa 50 peresenti pa zifukwa za ndale, za mlandu wa mtsogoleri wakale wa dzikolo, Jair Bolsonaro, ndiye pa nthawi imeneyo fodya wathu pa 15 anaoneka wotchipa poyerekeza ndi wa ku Brazil. Komanso fodya wathu wambiri sapita ku America n'komwe. Amapita ku Ulaya, makamaka kudzera ku Belgium, ndi m'mayiko ena. Mlimi amagulitsa ku okushoni ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu, ambiri pa kontirakiti, kwa makampani amene amakonza fodyayo n'kugulitsa kwa opanga ndudu padziko lonse. Msonkho wa ku America ukamufika mlimi, sufika ngati mzere pa pepala la malonda ake. Umafika chaka chotsatira, kampani ikachepetsa makilogalamu a pa kontirakiti kapena ikaumira pa magiredi. Koma kunena chilungamo, chimene chimagwetsa mtengo pa okushoni kuposa china chilichonse ndi kulima fodya wochuluka kuposa amene ogula anapempha. Ndipo chimene chinatsekadi msika wa America nthawi ina si msonkho ayi: mu November 2019 a kasitomu a kumeneko analamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa padoko chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana ndi yokakamiza anthu ntchito m'minda, mpaka makampani akuluakulu anachita kupereka umboni mmodzimmodzi kuti atsegulidwe.

Tiyi analibe msonkho ku America kuyambira kale, AGOA (lamulo la America lolola katundu wina wa ku Africa kulowa ulere) ilipo kapena palibe. Choncho 15 peresenti inali mtolo watsopano ndithu, pomwe Kenya ndi Argentina anali pa 10. Makadamiya naye msonkho wake wakale unali wa masenti owerengeka pa kilo. Apa tinali pakati, South Africa pa 30, Kenya ndi Australia pa 10. Koma pa 14 November 2025, mitengo ya zakudya itavuta kumeneko, Trump anachotsa msonkho watsopanowu pa zinthu monga khofi, tiyi, nthochi, nyama ya ng'ombe ndi makadamiya. Kwa ife n'zabwino ndi zoipa pamodzi: mtolo wachoka, koma mwayi umene tinali nawo pa South Africa wachokanso. Shuga amalowa mwa mlingo wake, matani pafupifupi 10,000 pachaka, ndipo ubwino wa gawo limeneli ndi woti mtengo wa shuga ku America umakhala pamwamba pa wa msika wa dziko lonse.

AGOA, imene inayamba mu 2000, nthawi yake inatha pa 30 September 2025. Amene kuthako kunawakhudza kwambiri ndi osoka zovala, chifukwa msonkho wa masiku onse pa zovala zina umafika 32 peresenti, ndipo AGOA inkalola kusoka ndi nsalu ya ku Asia n'kulowetsa ulere. N'chifukwa chake kulira kwakukulu kunamveka ku Maseru, ku Antananarivo ndi ku Athi River ku Kenya, osati ku Blantyre. Lesotho inafika polengeza kuti ulova ndi ngozi yogwera dziko mu July 2025, ogula a ku America atasiya kupereka maoda pa miyezi imene 50 peresenti inali m'malere. Taonani, msonkho wa 50 uja sunakhazikike n'komwe, koma mafakitale anachepetsa anthu. Wogula amaitanitsa zovala miyezi ingapo zisanafike, ndipo sangaitanitse asakudziwa kuti adzalipira zingati.

Kwa Malawi, katundu yense amene timagulitsa ku America ndi wa madola mamiliyoni makumi angapo chabe, pa pafupifupi biliyoni imodzi imene timapeza pogulitsa kunja. Si chimene chikutisowetsa mafuta pa filing'i siteshoni.

Mbewe_wa_ku_Joni

Ndikuona ngati mwaweruza mbali imodzi. Palibe dziko lalikulu limene linamanga mafakitale zitseko zili pululu. America yomweyo inakula ndi misonkho yokwera m'zaka za m'ma 1800, ndipo maganizo amenewa Alexander Hamilton, nduna yoyamba ya zachuma ya dzikolo, anawalemba kale mu 1791. South Korea nayo inateteza zitsulo, sitima ndi galimoto zake. China italowa mu WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko, mu December 2001, matauni a ku America opanga mipando ndi nsalu anaferatu. David Autor ndi anzake anawerengera kuti ntchito za m'mafakitale pafupifupi miliyoni imodzi zinatha pakati pa 1999 ndi 2011, ndipo zoposa mamiliyoni awiri mukaphatikiza zodalira mafakitalewo. Munthu amene ntchito yake inatha simungamutonthoze ndi wailesi yakanema yotchipa. Si nkhani ya chipani chimodzinso: Joe Biden anasunga misonkho ya Trump pa China, n'kukwezanso wa galimoto zamagetsi kufika 100 peresenti mu 2024.

Kwathu tinaziona ndi maso. Msika utatsegulidwa m'ma 1990 ndipo kaunjika atasefukira, fakitale ya David Whitehead ku Blantyre inafooka, thonje lathu n'kumangotuluka losaomba. Rwanda itayesa kudziteteza, kukweza msonkho wa kaunjika mu 2016 kuchoka pa masenti 20 kufika pa madola 2.50 pa kilo, America inaichotsera mwayi wa AGOA pa zovala mu 2018. Ndiye amene amatiphunzitsa za msika womasuka amachita okha zimene amatiletsa.

Chisale_Zachuma

A Mbewe, pa za Rwanda ndi za kuvulala kwa matauni aja sindikutsutsani. Koma chitsanzo cha South Korea chikutsutsa inuyo. Boma la Park Chung-hee linkasankha mafakitale owerengeka, n'kuwapatsa chitetezo ndi ngongole zotchipa, koma ndi lamulo loti azigulitsa kunja mlingo wakutiwakuti. Wolephera ankalandidwa thandizolo. Zipangizo zopangira katundu wogulitsa kunja zinkalowa mosavuta. Zimenezo n'zosiyana ndi kuika msonkho pa chilichonse, kuphatikizapo khofi ndi nthochi zimene America singalime zokwanira ngakhale itafuna, komanso pa zipangizo zimene mafakitale ake omwe amadalira. Fakitale imatenga zaka kuti imangidwe ndi zaka zambiri kuti ibweze ndalama. Ndani angaike ndalama zake pa msonkho umene unali 145 mu April n'kukhala 30 mu May?

Apa ndi pamene mkangano wa malamulo ukulowera. Malamulo aakulu a dziko la America amapereka mphamvu yoika misonkho ku nyumba ya malamulo, Congress. Trump anagwiritsa ntchito lamulo la mu 1977 la nthawi ya ngozi, IEEPA, limene mawu oti msonkho mulibemo. Khoti la zamalonda linagamula pa 28 May 2025 kuti anapyola malire, khoti la apilo linavomereza pa 29 August, ndipo Supreme Court inamva mlanduwo pa 5 November. Amene anakasuma ndi makampani ang'onoang'ono a ku America olowetsa zidole zophunzitsira ana ndi vinyo, pamodzi ndi maboma a zigawo zina. China sinasume m'makhoti amenewo. Zimenezi zokha zikuyankha funso loyamba la mayi Nambewe. Dziwaninso kuti misonkho ya zitsulo ndi galimoto ili pansi pa lamulo lina, Section 232, ndipo mlanduwu sunaikhudze.

Woombola_Katundu

Latsala funso lachitatu, la kwathu kuno. Misonkho ya pachipata tili nayo pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi ndalama basi. Anthu ambiri m'dziko muno salembedwa ntchito yodulidwa msonkho pamwezi, ndiye pachipata ndi pamene boma limagwira mosavuta, poti thiraki silingabisale. Chachiwiri ndi kuteteza opanga zinthu a m'dziko muno, ndipo n'chifukwa chake zipangizo ndi makina amalipira zochepa kapena ulere, pomwe katundu wothaitha amalipira 25 peresenti. Amalipira ndani? Wogula wa ku Ndirande ndi ku Mchesi, chimodzimodzi ndi wa ku Ohio. Dziko laling'ono ngati lathu silingakakamize fakitale ya ku China kutsitsa mtengo. Tikakana kugula sadziwa n'komwe.

Kuletseratu katundu n'koopsa kuposa msonkho, chifukwa mtengo umakwerabe koma boma silitolapo kanthu. Ndalama imene ikanapita ku MRA imapita kwa ozembetsa ndi kwa amene apeza chilolezo. Mu March 2025 unduna wa zamalonda, nduna yake ili Vitumbiko Mumba, unaletsa kulowetsa zinthu zingapo monga ufa, mpunga ndi zipatso zina, ati pofuna kusunga ndalama zakunja ndi kuteteza alimi. Tanzania inabwezera kumapeto kwa April: nduna yawo ya zaulimi, Hussein Bashe, inatseka zokolola za ku Malawi ndipo inaopsezanso za feteleza. Amayi ochita geni pa Songwe ndi ku Karonga ndi amene anaona zakuda, katundu wawo wosachedwa kuwola ali pachipata. Patangotha masiku owerengeka chiletso cha Tanzania chinachotsedwa kuti mayiko awiriwa akambirane. Sizikanatheka kulimbana nthawi yaitali ndi dziko limene mafuta athu ambiri amadzera padoko lake la Dar es Salaam. Ndipo nthochi za ku Tanzania sizinadzaze misika yathu chifukwa msonkho unali wochepa: matenda a chisaka anapululutsa nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Chiletso sichibweza mbewu yathanzi m'munda.

Chimodzimodzi ndi mitengo yonse. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu aliyense wakunja anakwera kuposa mmene dyute iliyonse ikanamukwezera, ndipo dyute yomweyo inakwera nayo, poti CIF amaisandutsa makwacha asanawerengere.

Amene mumaoda katundu m'mayiko oyandikana nafe, musalipire dyute imene simukuyenera kulipira. Malawi ali m'msika womasuka wa COMESA kuyambira mu October 2000, ndiponso wa SADC. Katundu wopangidwa ku Zambia, Zimbabwe kapena Kenya angalowe opanda dyute ngati muli ndi satifiketi yosonyeza kumene anapangidwira. Pa malamulo a COMESA, imodzi mwa njira zoyenerezera ndi yoti ntchito yochitikira m'dzikomo iwonjezere 35 peresenti ya mtengo wopangira katunduyo, kapena zipangizo zakunja zisapitirire 60 peresenti ya zipangizo zonse. Katundu wa ku China wongogulidwa mu shopu ku Lusaka sayenera, ngakhale risiti ikhale ya ku Zambia. Satifiketiyo muitenge kwa wogulitsa katundu asananyamuke, ndipo HS code ndi kuchuluka kwa katundu zifanane ndi za pa invoisi. Zikasiyana, ofisala amaikana ndipo mumalipira dyute yonse. Ochita malonda ang'onoang'ono pa Mchinji ali ndi njira yachidule ya COMESA ya katundu wosapitirira madola 2,000, imene satifiketi yake imalembedwa pachipata pomwepo, koma imagwira pa katundu yekhayo amene ali pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana, ndiye funsani mndandandawo musanaode. Ndipo kuchotseredwa dyute si kuchotseredwa VAT ndi excise, zimenezo mudzalipirabe.